Mathirakitala Ang'onoang'ono: Zimene Zinaoneka Titawayesa M'munda

Funso limene alangizi a zaulimi akulandira kawirikawiri kuchokera ku makalabu ndi mabungwe a alimi, kaya ndi ku Mchinji, ku Chipata, ku Angónia kapena ku Mutoko, ndi lakuti: "Ndalama tasonkha, ngongole yatheka, tsono tigule thirakitala iti?" Funsoli ndi lolemera kuposa m'mene limamvekera. Gulu limene lagula thirakitala yosayenera minda yake limataya ndalama, limatayanso nyengo yobzala, ngongole n'kutsala pakhosi, ndipo nthawi zambiri limapasuka anthu atalozana zala. Mlangizi amene anavomereza kuti makinawo agulidwe naye mbiri yake imaipa m'deralo kwa zaka zambiri.

Chimene chikuchititsa alimi kufuna makina n'chodziwika. Kum'mwera kwa Zambia matenda ofala ndi nkhupakupa, amene kumeneko amawatcha denkete, anapululutsa ng'ombe zambiri zapagoli m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, ndipo ku Zimbabwe matenda a mtundu womwewo, otchedwa January disease, apha ng'ombe zochuluka kuyambira m'chaka cha 2017. M'madera ambiri a Malawi ndi Mozambique ng'ombe zolimira zakhala zochepa kuyambira kale, kotero kuti khasu ndilo likulamulirabe m'munda. M'chaka cha 2018 mabungwe a FAO ndi African Union anatulutsa ndondomeko yolimbikitsa ulimi wa makina mu Africa, ndipo ogulitsa makina ochokera ku India, China ndi Japan achuluka m'mizinda yathu. Makina alipo, chimene alimi akusowa ndi uphungu wosakondera.

Thirakitala yaing'ono si chinthu chachilendo kuno. Ferguson TE20, imene inayamba kupangidwa ku Coventry m'chaka cha 1946, inali ya mphamvu zongopitirira mahosipawa 20, koma inagwira ntchito yaikulu m'mafamu a kuno kum'mwera kwa Africa, monganso zinachitira zinzake zobwera pambuyo pake, Massey Ferguson 35 ndi 135. Chinsinsi chake chinali nzeru ya Harry Ferguson yomangirira pulawo ku thirakitala m'malo atatu, kuti kulemera kwa pulawo ndi kukana kwa nthaka zizikanikizira matayala akumbuyo pansi. Ku Swaziland, kumene lero ndi Eswatini, anapanganso thirakitala yawoyawo ya alimi ang'onoang'ono m'zaka za m'ma 1970, n'kuitcha Tinkabi, kutanthauza ng'ombe zapagoli. Komatu mathirakitala ang'onoang'ono ambiri a masiku ano anakonzedwera ntchito zina: minda ya mpunga ya ku Japan, minda ya zipatso ya ku Ulaya, ndi timalo ta anthu a ku America amene ntchito yawo yaikulu ndi kutchetcha udzu ndi kunyamula katundu. Umenewu si mlandu wa makinawo. Koma munda wa chimanga wa katondo wouma m'mwezi wa Okotobala ndi nkhani ina.

Makina anayi, minda iwiri

Pofuna kuti yankho lichokere m'munda, tinabwereka makina anayi n'kuwayesa pa malo ena ofufuzirapo zaulimi a kumtunda, okwera mamita pafupifupi 1,100 kuchokera pa nyanja yamchere. Panali thirakitala ya mawilo awiri ya mahosipawa 12, yoti munthu amaitsatira pambuyo atagwira zigwiriro. Ya mahosipawa 24 yokoka ndi mawilo onse anayi, yopanda magiya osintha ndi dzanja, ya mtundu wotchedwa hydrostatic. Ya mahosipawa 35 yokokanso ndi mawilo onse koma ya magiya. Ndiponso ya mahosipawa 45 yokoka ndi mawilo akumbuyo okha, yolemera, yopanda zokongoletsa zilizonse. Maina a makampani sindiwatchula, popeza kalata ino si yotsatsa malonda, komanso thirakitala imodzi yoyesedwa masiku owerengeka singaimire fakitale yonse.

Munda wina unali wa katondo, wina wa nthaka yosakanikira ndi mchenga, wotsetserekera ku dambo. Tinayesa nthaka ili youma, n'kubwerezanso mvula yoyamba itagwa. Oyendetsa tinali atatu: dalaivala wa pamalopo amene wakhala pa chiwongolero zaka zambiri, ine, ndi mtsikana wina wothandiza pa kafukufuku amene anali asanakwerepo thirakitala. Wachitatuyu tinamuika dala, chifukwa m'magulu a alimi woyendetsa amakhala wophunzira kumene.

Nambala yolembedwa pa boneti

Wogulitsa amayamba ndi kutchula mahosipawa, ndipo alimi amakonda nambala yaikulu. Alangizi ayenera kudziwa kuti mphamvu ya thirakitala imayezedwa m'malo atatu. Pali mphamvu ya injini payokha, ndiyo imalembedwa pa boneti. Pali mphamvu yotuluka pa chitsulo chozungulira cha kumbuyo, chotchedwa PTO, imene imakhala yocheperapo chifukwa ina yathera m'magiya ndi m'pampu ya mafuta onyamulira zipangizo. Ndiye pali mphamvu yokokera, imene ndiyo imalimadi, ndipo pa nthaka yogalauza imafika pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mphamvu ya pa PTO. Mapepala ena amalemba makilowati. Hosipawa imodzi ndi makilowati pafupifupi 0.75.

Vuto lokhulupirira nambala za ogulitsa ndi lakale. Ku Nebraska, m'dziko la America, mlimi wina amene analinso phungu, Wilmot Crozier, atagula thirakitala imene inalephera kuchita zimene analonjezedwa, analimbikitsa lamulo la chaka cha 1919 loti thirakitala iliyonse yogulitsidwa m'chigawocho iziyamba yayesedwa pa yunivesite. Kuyesako kunayamba mu 1920 ndipo kukuchitikabe. Bungwe la OECD nalo lakhala ndi malamulo oyesera mathirakitala kuyambira 1959, ndipo kuno kwathu malo monga CAMARTEC ku Arusha m'dziko la Tanzania amayesa makina a zaulimi. Mlangizi ali ndi ufulu wofunsa wogulitsa kuti aonetse chikalata cha mayeso oterewa, chosonyeza mphamvu ya pa PTO. Wogulitsa amene akuzemba funso limeneli wakuuzani kale kanthu.

Palinso nkhani ya kukwera kwa malo, imene m'mapepala a malonda simupezeka. Injini ya dizilo yopanda turbo imachepa mphamvu ikakwera mtunda chifukwa mpweya umapepuka, ndipo akatswiri amawerengera kuti imataya pafupifupi magawo 3 pa 100 pa mamita 300 aliwonse. Lilongwe, Lusaka ndi Harare ali pamwamba pa mamita 1,000. Motero thirakitala ya mahosipawa 35 ikafika pa mamita 1,200 imatsala ndi mahosipawa 31 kapena kuchepera pang'ono, pamene ku chigwa cha Shire kapena kufupi ndi Beira ili ndi mphamvu zake zonse.

M'munda wa katondo wouma chinatidabwitsa n'chakuti injini sizinali zoyamba kugonja. Thirakitala ya mahosipawa 24 titaimangirira chitsulo cha dzino limodzi chong'ambira nthaka, chimene ambiri amachitcha ripa, injini inkalira bwinobwino koma matayala ankangopala fumbi pamalo amodzi dzinolo likangofika pa chikhakha. Inali yopepuka kwambiri. Ya mahosipawa 45, ngakhale imakoka ndi mawilo awiri okha, inadutsa ndi pulawo ya madisiki awiri mosavuta titathira madzi m'matayala ake akumbuyo. Mvula itagwa zinthu zinatembenuka: kumunsi kwa munda wamchenga uja ya 45 inayamba kutitimira ndi kukumba maenje, pamene ya 35 yokoka ndi mawilo onse inapitirira ngati palibe kanthu. Pa nthaka youma ndi yolimba kulemera kumapambana. Pa nthaka yofewa mawilo anayi okoka amapambana.

Kuterereka kwa matayala mlangizi aliyense angathe kukuyeza ndi choko ndi tepi. Lembani chizindikiro pa tayala lakumbuyo. Yendetsani thirakitala pulawo ili m'mwamba mpaka tayalalo litazungulira maulendo 10, ndipo yezani mtunda umene yayenda. Bwerezani pa giya lomwelo pulawo ili m'nthaka. Ngati poyamba inayenda mamita 35 ndipo kachiwiri mamita 28, ndiye kuti mamita 7 atayika, amene ndi magawo 20 pa 100. Kuterereka koyenera pa thirakitala yokoka ndi mawilo akumbuyo ndi pakati pa magawo 10 ndi 15 pa 100. Kukapitirira apo, dizilo akuthera kudya matayala. Kukachepa kwambiri, thirakitala yalemedwa mopyola ndipo ikutsendereza nthaka popanda chifukwa. Madzi m'tayala amathiridwa mpaka pa valavu, valavuyo ili pamwamba, kuti patsale malo a mpweya. Anzathu a kumapiri a Lesotho ndi madera ena ozizira a South Africa asathire madzi okhaokha, chifukwa amaundana.

Mizere ya masentimita 75

Apa ndi pamene ndikufuna kukhalitsapo, pakuti ndi pamene wasayansi wa mbeu amaona zimene makaniko saziona. Ku Malawi alimi ambiri amalima chimanga pa mizere yotalikirana masentimita 75, phando lililonse masentimita 25, mbeu imodzi pa phando, monga inalimbikitsira Sasakawa Global 2000. Mwa njira imeneyi hekitala imakhala ndi mbeu zoposa 53,000. Ena, makamaka ku Zambia ndi Zimbabwe, amagwiritsa ntchito masentimita 90. Kuti thirakitala ilowe m'munda wotere osaponda mbeu, matayala ake ayenera kuyenda m'makwawa, mizere iwiri ili pansi pa mimba yake. Ndiye kuti kuchokera pakati pa tayala lakumanzere kufika pakati pa lakumanja payenera kukhala masentimita 150, kapena 180 kumene mizere ndi ya 90.

Thirakitala ya mahosipawa 24 inali yopapatiza kwambiri, ndipo matayala ake sanali otheka kuwasuntha mokwanira. Tayala lina likakhala m'khwawa, linzake linkakwera pamzere. Mimba yake inalinso pafupi ndi nthaka, kotero kuti inkakhula mitu ya mizere ndi kukola mapesi. Makina oterewa angalime munda usanabzalidwe, koma pa kupalira, kubandira kapena kupopera mankhwala chimanga chitamera sangalowe. Ya 45 inali ndi malimu otembenuza, oti makaniko angathe kutambasula matayala mpaka masentimita 150 ndi kupitirira m'maola ochepa. Ya 35 inafika pa 150 kumbuyo, koma mawilo ake akutsogolo, pokhala okoka, anali ndi malire; pa mizere ya 90 sikanakwana. Ndikupempha alangizi kuti popita kwa wogulitsa azinyamula tepi. Utoto wowala ndi mpando wofewa zisawatenge mtima, pajatu chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Tepi yomweyo iyezenso mabowo omangirira zipangizo. Mathirakitala ang'onoang'ono amakhala a gulu lotchedwa Category 1, limene mapini ake apansi ndi a mamilimita 22, pamene mapulawo ambiri opezeka m'mafamu akale ndi a Category 2, a mapini a mamilimita 28, olemeranso. Gulu la alimi limene likuganiza kuti ligula thirakitala yokha, pulawo lidzabwereka kwa mnansi, lingathe kupeza kuti pulawoyo sikulowa, kapena ikalowa, mawilo akutsogolo akunyamuka.

Giya kapena phazi

Kunena zoona, thirakitala ya hydrostatic inali yokoma kuyendetsa kuposa zonse. Palibe kuponda kilatchi kapena kulimbana ndi magiya. Phazi likaponda kutsogolo imapita kutsogolo, likaponda kumbuyo imabwerera. Mtsikana wophunzira uja anaizolowera tsiku lomwelo, pamene ya magiya inamuzimira kangapo pokhota kumapeto kwa munda. M'munda wa ndiwo zamasamba, m'khola la ng'ombe zamkaka, kapena ponyamula manyowa ndi fosholo ya kutsogolo, palibe imene ingafanane nayo.

Koma mphamvu imene imadutsa m'mafuta opopedwa imataika yambiri kuposa yodutsa m'mano a magiya, ndipo yotaikayo imasanduka kutentha. Pokoka chinthu cholemera kwa maola otsatizana dzuwa likuswa mtengo, mafuta ake anatentha ndipo tinkaima kawirikawiri kupukuta mankhusu ndi fumbi pa sefa ya kutsogolo kwa rediyeta. Mafuta ake amafunika akhale a mtundu wake ndi oyera kwambiri, ndipo pampu yake ikaonongeka, makaniko wa pamsika wakumudzi alibe poyambira. Bokosi la magiya angathe kulitsegula pansi pa mtengo wa mango. Pa ulimi wa chimanga, mtedza ndi soya ine ndikusankha magiya. Chofunika kuyang'ana ndi kuchuluka kwa magiya a pakati pa makilomita 3 ndi 8 pa ola, chifukwa ntchito zonse za m'munda zimachitikira pamenepo, komanso ngati PTO imapitiriza kuzungulira munthu akaponda kilatchi kuti asinthe giya.

Yamawilo awiri

Imeneyi ambiri amaiderera, koma ili ndi malo ake. Ku Bangladesh, boma litachotsa ziletso pa makina ochokera kunja chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, timathirakitala totere ta ku China tinafalikira mpaka kulima gawo lalikulu la minda ya dzikolo. Kuno, bungwe la CIMMYT kudzera m'ntchito ya FACASI, imene inayamba mu 2013 ku Ethiopia, Kenya, Tanzania ndi Zimbabwe, linayesa makinawa pamodzi ndi ulimi wosagalauza nthaka. Mfundo yake ndi yomveka: mahosipawa 12 sangatembenuze katondo wouma, koma angathe kukoka makina obzalira ong'amba kamzere kochepa kokha. Zimenezi ndi zimene tinaonanso ife. Ndi pulawo inkadumphadumpha ndi kutopetsa mikono. Ndi makina obzalira pa nthaka yonyowa inagwira ntchito yaukhondo, mbeu zikugwa pa kuya kofanana.

Woyendetsa ayenera kukhala wamphamvu. Hekitala ya mizere ya masentimita 75 ili ndi mizere yotalika makilomita oposa 13 ikalumikizidwa, choncho wobzala mzere umodzi umodzi amayenda mtunda wonsewo ali m'fumbi ndi m'phokoso. Phindu lalikulu la makinawa lili kunja kwa nyengo yolima: amakoka ngolo, amayendetsa makina otonolera chimanga ndi pampu ya madzi kudzera pa lamba, ndipo injini yake ya silinda imodzi ndi yofanana ndi ya zigayo zambiri zakumudzi, kotero kuti oidziwa kukonza alipo kale.

Chomangirira kumbuyo ndicho chimakhudza mbeu

Thirakitala yaing'ono nthawi zambiri imagulitsidwa pamodzi ndi makina a mipeni yozungulira ophwanya nthaka, otchedwa rotavator, chifukwa amagwiritsa ntchito mphamvu ya PTO ndipo safuna kuti thirakitala ikhale yolemera. Munda ukadutsidwa ndi makinawa umaoneka wosalala ngati ufa, ndipo alimi amaombera m'manja. Ine sindiombera nawo. Nthaka yoperedwa chotero imatsekeka pamwamba mvula yamphamvu ikagwa, madzi amathamanga m'malo molowa pansi, ndipo mbeu zazing'ono monga soya zimavutika kuboola. Pansi pa pamene mipeni imalekezera pamapangika chikhakha, chofanana ndi chimene khasu ndi pulawo ya ng'ombe zimasiya zikamalima pa kuya komweko chaka ndi chaka. M'dimba ndi m'munda wa mpunga makinawa ndi oyenera. Kumunda wa kumtunda, makamaka wotsetsereka, ai.

Ripa, imene ku Zambia inatchuka ndi chitsulo cha ng'ombe cha Magoye ndiponso ntchito ya Conservation Farming Unit, imaswa chikhakha pamzere pokha pobzala, mapesi n'kutsala pamwamba. Tiyeni tiwerengere. Kuti mudziwe mahekitala a pa ola, chulukitsani kutambalala kwa chipangizo m'mamita ndi liwiro m'makilomita pa ola, n'kugawa ndi 10. Kenaka chotsani nthawi yokhota ndi yoima, imene tingaiike pa magawo 30 pa 100. Pulawo ya madisiki awiri yodula theka la mita pa liwiro la makilomita 5 imatha hekitala m'maola pafupifupi 6. Ripa ya mano awiri pa mizere ya masentimita 75 imatenga mita ndi theka ulendo umodzi, ndipo pa liwiro la makilomita 4 imatha hekitala m'maola awiri ndi theka. Tiyerekeze kuti pali masiku 20 ogwira ntchito maola 8: pulawo idzalima mahekitala osapitirira 27, ripa mahekitala 64. Ndiponso ripa ingayambe ntchito alimi atangokolola, nthaka ikadali ndi chinyezi pang'ono, pamene pulawo ya thirakitala yaing'ono imadikira mvula, nthawi yomwe aliyense m'gulu akufuna kuti munda wake ukhale woyamba. Mlimi womalizira pa mndandanda amabzala mochedwa masabata angapo, ndipo alangizi nonse mukudziwa m'mene chimanga chobzala mochedwa chimabwerera m'mbuyo. Pa kuyesa kwathu ya 35 inakoka mano awiri m'munda wamchenga, koma pa katondo wouma inakwanitsa dzino limodzi. Ya 45 inakoka awiri m'minda yonse nthaka ili youma.

Kanthu kena kamene kamaiwalika: thirakitala yoyenda munda ndi munda imanyamula dothi pa madisiki ndi m'matayala, ndipo m'dothimo mumakhala njere za kaufiti, zazing'ono ngati fumbi, zokhala ndi moyo m'nthaka zaka zambiri. Woyendetsa azikokola dothi asanachoke m'munda umene muli kaufiti, ndipo minda yotereyi iziikidwa kumapeto kwa ntchito ya tsikulo.

Maola, dizilo ndi masipeya

Kuyeza dizilo sikufuna chida chapadera. Dzazani thanki mpaka pakamwa thirakitala ili pamalo osalala, limani malo oyezedwa bwino, n'kudzazanso ndi botolo la miyezo. Yerekezani malita pa hekitala, osati pa ola, chifukwa thirakitala yaing'ono imamwa pang'ono pa ola koma imakhalitsa m'munda.

Chimene chimapha magulu ambiri si dizilo koma kuchepa kwa maola. Ngongole, inshuwalansi ndi kutsika mtengo kwa makina zimayenda ngakhale thirakitala ili m'shedi. Thirakitala yogwira maola 200 pa chaka, ola lake lililonse limasenza ndalama zimenezi kanayi kuposa yogwira maola 800. Kulima kokha sikungadzaze chaka. Ndi chifukwa chake maboma ambiri a mu Africa amene anayambitsa ntchito zobwereketsa mathirakitala m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 anagwa nazo: makina ankathera nthawi pa msewu pakati pa timinda tomwazikana, zitsa zinkathyola madisiki, ndipo miyezi yambiri ankangokhala. Gulu lisanagule lilembe ntchito za mwezi uliwonse: kututa zokolola, kutonola, kunyamula njerwa, mchenga ndi manyowa, kukoka thanki ya madzi. Pa ntchito ya ngolo, ya 45 inaposa zinzake zonse chifukwa cha kulemera kwake ndi mabuleki ake. Gulu limene minda yake yonse pamodzi ndi yochepa, ndipo silikuona ntchito zina zoterezi, ndi bwino lizilipira munthu wa thirakitala kusiyana ndi kugula yake. Makampani monga Hello Tractor, imene inayambira ku Nigeria mu 2014, anakhazikika pa mfundo yomweyi yolumikiza eni mathirakitala ndi alimi.

Samalaninso ndi makina okonzedwera misika ya ku Ulaya ndi America. Malamulo a utsi kumeneko amachititsa kuti injini zambiri zopitirira makilowati 19, kapena kuti mahosipawa 25, zikhale ndi sefa ya mwaye ndi kompyuta yoyendetsa mafuta, ndipo zimafuna dizilo wa sulufule wochepetsetsa, wopanda madzi kapena fumbi. Dizilo wogula m'zigubu kumudzi sakhala wotero. Mathirakitala ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera ku Japan ndi olimba, koma ambiri anapangidwira minda ya mpunga, malangizo ake ali m'Chijapani, ndipo ena alibe chitsulo chotetezera woyendetsa.

Chitsulo chimenechi chisaonedwe ngati chokongoletsa. Dziko la Sweden linalamula m'chaka cha 1959 kuti mathirakitala atsopano azikhala nacho, ndipo imfa za kugubuduka zinatsika kwambiri. Thirakitala yopapatiza imagubuduka msanga ikakwera chulu kapena mgula, ndipo yokoka chitsa ndi tcheni chomangidwa pamwamba pa ekiselo imanyamuka kutsogolo n'kufika posabwereranso sekondi imodzi isanathe. PTO imazungulira maulendo 540 pa mphindi, ndiko kuti maulendo 9 pa sekondi. Chitenje kapena malaya akakodwa, munthu alibe nthawi yofuula. Pa yamawilo awiri, potsika mtunda ndi ngolo yolemera, zigwiriro zokhotera zimagwira mosemphana: wofinya chakumanja amakhotera kumanzere. Wophunzira aliyense auzidwe zimenezi asanatuluke pa msewu.

Tsono nditafunsidwa ndi gulu la alimi a chimanga, mtedza ndi soya a kumtunda, ndinganene kuti atenge ya magiya ya mahosipawa 45, yolemera, ya matayala otambasuka, pamodzi ndi ripa ndi ngolo pa mtengo umodzi. Kumene kuli madambo, zitunda kapena mchenga wambiri, ya 35 yokoka ndi mawilo onse ndiyo yoyenera, malinga mizere ikhale ya 75. Ya hydrostatic ndingaisiyire alimi a zamasamba, zipatso ndi mkaka kufupi ndi mizinda. Yamawilo awiri ndi ya wachinyamata wofuna kuyamba bizinesi yobzalira, kutonolera ndi kunyamulira anzake m'midzi ya minda yaing'ono.

Pakati pa makampani opanga mtundu umene mwasankha, funso ndi lakuti sefa ya dizilo, lamba, mbale ya kilatchi ndi chubu cha tayala zikupezeka kuti, ndipo zingafike m'masiku angati m'mwezi wa Novembala. Pano alangizi a m'malire angathandizane kwambiri. Mlimi wa ku Chipata ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 150 kuchokera ku Lilongwe, pamene ku Lusaka ndi oposa 550, ndipo wa ku Ulongwe ali pafupi ndi Dedza kuposa mzinda wa Tete. Musanavomereze kuti gulu ligule, lemberani mlangizi mnzanu wa tsidya linalo akuuzeni mitundu imene masitolo a kumeneko amasunga masipeya ake, amakaniko amene amaidziwa, ndi msonkho umene sipeya imalipira podutsa pa chipata.